Kodi kaboti kakang'ono kamafunikadi pampu yochotsera madzi?

Muli bwanji nonse, tikulankhula kuchokera ku Kasungu. Wina akuti kale, "A Kasungu ndi za maboti wapi ndi wapi, si inu a fodya?" Akulu, Bua ndi Dwangwa zimadutsa kwathu konkuno, ndipo ku Nkhotakota timapita. Dinani subscribe, tiyambe.

Choyamba, mwachangu. Madzi amalowa m'boti ndi mvula, mafunde, kapena pomwe matabwa alekana. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Musaiwale zimenezo.

Chachiwiri. Ngati ndi bwato losema, kapena kaboti komwe mumakakokera kumtunda madzulo, pampu siyofunika. Dulani chigubu, muchimangirire chingwe kuti chisapite ndi madzi, muzikapira. Basi.

Chachitatu, boti logona pamadzi. Ili ndiye lifunika pampu. Tiyerekeze ndi la mamita 6 m'litali, 2 m'lifupi, lopanda denga. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa usiku, mwalowa malita pafupifupi 500. Amenewo ndi matumba 10 a chimanga, inu muli mtulo. Gulani pampu ya 12 volts yokhala ndi kaswichi koyandama, kamene kamaiyatsa madzi akakwera. Za kutchaja batire ndi sola tinapanga kale vidiyo, ili m'munsimu.

Tsopano bodza limene limandinyansa: "Boti langa lili ndi pampu, silingamire." Ayi! Ayi ndithu!

Tengani kapampu kolembedwa 500 GPH, kutanthauza magaloni 500 pa ola. Ndiye kuti malita pafupifupi 1,900 pa ola, 32 pa mphindi. Koma nambala imeneyo amayeza pampu isakukankhira madzi m'mwamba, ilibe paipi, batire ili yodzaza. Inu mukaika paipi yokhotakhota yokwera mpaka m'mphepete mwa boti, batire itatopa, madzi otuluka amachepa kwambiri. Pomwe mnyamata wamantha ali ndi ndowa ya malita 10, akamakapa kasanu kokha pa mphindi wataya malita 50. Wapambana ndani? Ndiyankheni.

Komanso pampu imatsekeka. Mamba a nsomba, mchenga, tiulusi ta ukonde, makoko a mtedza amene okwera amataya pansi, zonsezo zimakamata pasefa. Waya akachita dzimbiri, yazima. Ndipo zimenezi mumazidziwa liti? Mwera utakupezani pakati pa nyanja mu Julaye, funde limodzi litathira madzi oposa amene pampu ingachotse m'mphindi zingapo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti boti silidikira kudzaza kuti litembenuzike. Madzi a m'kati amathamangira mbali yomwe lapendekekera, okwera nawo n'kudzidzimuka, kuimirira, lapita. Likakhala kuti mwalidzaza anthu, njinga ndi katundu mpaka m'mphepete mwatsala pang'ono kukhudza madzi, palibe pampu yokupulumutsani. A ku Mchinji simunaiwale za Epulo 2023, boti litatembenuzika pa mtsinje wa Rusa ndi anthu opita kumaliro. Mukamaoloka nthawi ya dzinja, muziwerenga kaye anthu amene akwera, ndipo muzifunsa za majekete oyandamitsa.

Chachinayi, ndatsala pang'ono kuiwala: paipi yotulutsira madzi izithera pamwamba ndithu pa madzi a kunja, apo ayi madzi a kunja azibwerera momwemo. Ndipo matani ming'alu ndi phula, musamapatse pampu ntchito ya mmisiri.

Tumizani vidiyoyi kwa amalume anu aja oolotsa anthu pa Bua. Sabata yamawa tiona kalumikizidwe ka kaswichi kaja, pali waya mmodzi amene ambiri amasokoneza.