Mawu a M'mawa: Kutulidwa Mtolo wa Mlandu

Abale ndi alongo, mwadzuka bwanji? M'mawa uno tiyeni tilingalire mawu a Chingerezi amene timawamva pa nkhani za kukhoti, mawu akuti exonerate. Tanthauzo lake ndi kulengeza poyera kuti munthu amene ankamuneneza alibe mlandu. Mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene onus ndi katundu wolemera ndipo ex amasonyeza kuchotsa, kotero kuti muzu wake ukunena za kumutula munthu mtolo. Aliyense amene anasenzapo ndowa ya madzi kuchokera kuchitsime chakutali akudziwa mmene khosi limapepukira wina akamulandira pofika pakhomo.

Kunamiziridwa ndi mtolo ndithu. Ku Alabama, m'dziko la America, Anthony Ray Hinton anakhala m'ndende pafupifupi zaka 30 akudikira chilango cha imfa pa milandu yakupha imene sanapalamule, ndipo anamasulidwa mu 2015 akatswiri atalephera kusonyeza kuti zipolopolo za pamlanduwo zinatuluka mu mfuti imene inapezeka kunyumba kwa mayi ake. Dzina lake linayera, ngakhale kuti zaka zimene zinatayikazo palibe woweruza amene akanamubwezera.

Tiyenera kusiyanitsa bwino mawu amenewa ndi kukhululukira. Wokhululukidwa analakwadi koma amuchitira chifundo, pamene munthu amene khoti lamuyeretsa motere sanalakwe n'komwe. Apa ndi pamene mtima wanga umavutika, chifukwa ndikaima pamaso pa Mulungu sindingathe kunena kuti andinamizira. Chikumbumtima changa chimachitira umboni zimene ndinachita, ndipo umboniwo ndi woona. Nanga mtolo wa munthu wolakwadi angautule ndani?

Yankho tikulipeza pa Zekariya 3:1-5. Mneneri anaona Yoswa, mkulu wa ansembe, ataima pamaso pa mngelo wa Yehova, Satana ali kudzanja lake lamanja kuti amuneneze. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti wonenezayo sanafunikire kupeka bodza, pakuti Yoswa anali atavaladi zovala zonyansa, zimene aliyense akanatha kuziona. Yehova sananene kuti zovalazo ndi zoyera, komanso sanafunse Yoswa kuti adziteteze, ndipo m'masomphenya onsewo Yoswa sanayankhule mawu ngakhale amodzi. Yehova anadzudzula Satana, natchula Yoswa chikuni chophulidwa pamoto, kenaka lamulo linaperekedwa kuti amuvule zonyansazo ndi kumuveka zovala zaulemu, chifukwa mphulupulu yake inali itachotsedwa.

Mtolowo sunangosowa mwamatsenga, koma unasamukira pa wina. Pa 1 Petro 2:24 timawerenga kuti Khristu anasenza machimo athu m'thupi lake pamtengo paja, ndipo n'chifukwa chake Paulo, pa Aroma 8:33-34, akufunsa molimba mtima kuti ndani adzaneneza osankhidwa a Mulungu, popeza Mulungu yemweyo ndiye wowayesa olungama, ndipo Khristu amene anafa ndi kuuka akuwapembedzera.

Zekariya ataona zovala zatsopano zija sanathe kukhala chete, ndipo anapempha kuti Yoswa amuvekenso nduwira yoyera. Anamuvekadi pamutu, pamalo omwe aja timaikapo nkhata tikamasenza katundu, mngelo wa Yehova ataima pomwepo.