PS4 yako ikuthwanima kabuluu? Mvera kaye usanaimasule

Mphwanga, voisi yako ndaimva, ndiye khala pansi umvetsere bwino chifukwa ndilankhula motalika pang'ono. Ukuti PS4 ija, makina osewerera magemu a pa TV aja a kushopu kwako ku Chibavi, ikungothwanima kanyali kabuluu koma pa TV palibe chikutuluka eti? Chonde, sikuludiraiva ija ibweze kaye m'thumba, makina amenewa ambiri amafera m'manja mwa eni ake chifukwa chothamangira kutsegula, chonsecho vuto linali chingwe basi.

Yamba ndi panja. Zula zingwe zonse, dikira kaye mphindi zingapo, kenako ulumikize pa soketi ya pakhoma osati pa ekisitenshoni ija mwadzazapo ma chaja a foni. Chingwe cha HDMI, chija chopititsa chithunzi ku TV, sintha, bwereka cha dikoda ya aneba, yesanso pa TV ina. Ukatero tenga tochi ya foni uwalitse mu kabowo ka HDMI kumbuyo kwa gemuyo, uyang'ane timano tating'onoting'ono tili mkatimo. Anyamata akamakokerana chingwe pa gemu ya mpira ya FIFA timano timeneti timapindika, ine ndinaonapo kamodzi katagona chammbali ngati dzino la mwana lofuna kuguluka, gemu ikuyaka bwinobwino koma chithunzi ayi. Ngati ndi zimenezo usalowetsemo singano, pafunika munthu wodziwa kuwotcherera asinthe kabowo konse.

Zikakanika pamenepo ilowetse mu safe mode, menyu yapadera yokonzera mavuto. Izime kaye izimiretu, kenako dina batani loyatsira osasiya, ilira kamodzi, gwirabe, pakatha masekondi ngati 7 iliranso kachiwiri ndiye usiye. Padi yosewerera ija ilumikize ndi chingwe cha USB, popanda chingwe siigwira. Ukaona menyu yatuluka mtima ukhale pansi, ndiye kuti bodi, ija yaikulu yamkati yoyendetsa zonse, idakali moyo. Yesa Change Resolution, kenako Rebuild Database, imeneyi siifufuta magemu ako, imangokonza zomwe zasokonekera mu hard disk, mosungira magemu muja, magetsi akamazima gemu ili mkati. Koma Initialize usaikhudze ndakupempha, imasesa zonse, ma save a makasitomala ako onse apita. Ukamva kuti mkati mukulira tiki tiki tiki ndiye hard disk yatopa, ndi ija ya 2.5 inchi yofanana ndi ya laputopu, kusintha kwake sikovuta, ungofunika kuikanso pulogalamu yake kudzera pa fulashi.

Tsopano za kutentha, apa ndiye pandiwawa kwambiri. Tsiku lija ndinabwera ndinaona waiika mu kabati pansi pa TV, pamwamba wafunditsa kansalu eti kuopa fumbi. Ayi mphwanga. Anthu amati ku Mzuzu kuno kumazizira gemu singatenthe, koma kachipinda kako kaja ka malata, anyamata khumi ali mkati, gemu ikuyenda kuyambira mmawa mpaka usiku, fani imachita kulira ngati minibasi ikukwera chitunda. Ikamalira choncho, kapena ikaonetsa kuwala kofiira n'kuzima yokha, ndiye kuti yatsamwa ndi fumbi. Apa tsopano utha kutsegula. Zula kumagetsi kaye. Masikuluwu ake ndi aja a nyenyezi okhala ndi kachitsotso pakati, amafuna Torx ya T8 kapena T9 yobowoka kunsonga, kafunse kwa anyamata okonza mafoni mtauni, usakakamize ndi mpeni umangowadya mitu. Sikuluwu iliyonse uziika pa pepala n'kulemba komwe yachokera, ndipo uzijambula ndi foni paliponse usanachotse kanthu. Fumbi lenileni silikhala pa fani pokha, limagwirana kuseri pa tizitsulo tozizitsira tija, limakhala ngati bulangete, chotsa ndi kaburashi kofewa. Ukamapemerera mphepo fani uigwire ndi chala isazungulire. Gemu imeneyi inatuluka 2013, ndiye ngati yako ndi yoyambirira ija phala loyera lija la pa purosesa, thermal paste, linauma kale ngati dothi la m'chilimwe. Pukuta ndi kathonje konyowetsa sipiriti, kuume, uikepo latsopano kadontho ngati nsawawa yaing'ono basi. Mankhwala otsukira mano ayi, ndamva ena akutero.

Ukatsegula usadabwe kupezamo mphemvu. Zimakonda mofunda mwa power supply, kabokosi kolandira magetsi, zikagunda mawaya awiri pamodzi imapsa, gemu imangoti pii n'kuzima kapena osayaka n'komwe. Ndiye anyamata aja asamadyere mandasi ndi chipisi pafupi nayo. Koma kabokosi ka power supply kameneko usakatsegule, ndikunenetsa, muli ma capacitor osunga moto ngakhale wazula kukhoma, amamenya zoopsa. Kakapsa amangosintha konse, uonetsetse nambala yolembedwa pamwamba ikufanana ndi yakaleyo chifukwa za PS4 yoyamba ija, ya Slim ndi ya Pro sizigwirizana. Magetsi akazima uzizula msanga, akabwera dikira akhazikike kaye, ndipo nyengo ya ziphaliwali ino gula surge protector yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndi yotchipa kuposa bodi. Gemu ina ija ya Xbox 360 ukufuna kugula ya kaunjika uwerenge kaye pa adaputala yake, ngati inachokera ku America ndi ya 110 volts pomwe athu kuno ndi 230, ukangolumikiza utsi.

Ngati wayesa zonsezi koma kabuluu kakuthwanimabe, safe mode osatuluka, ndiye vuto lili pa bodi penipeni. Zoiwotcha ndi draya ya ku saluni usachite, imatha kudzuka masiku awiri kenako n'kuferatu ndipo wokonza sangaithenso. Imange bwino mu katoni, Loweruka ndikutsika ku Luwinga ndidzera konko ndi multimeter yoyezera magetsi tione ngati 12 volts ikutuluka. Pakadali pano unditumizire chithunzi cha kabowo ka HDMI kaja, uwalitse tochi bwino chioneke.