Musanabene chimbale cha 100GB chija, mverani kaye

Achimwene, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mukuti pa katoni ya draivu ya Blu-ray analemba liwiro la 16x, koma mukamabena (kulemba pa chimbale) mavidiyo a ukwati ikuyenda ngati bilimankhwe. Draivuyo ilibe vuto, musaibweze.

Choyamba yang'anani pomwe mwalowetsa chingwe. Pa Blu-ray, 1x ndi ma megabyte 4.5 pa sekondi, ndiye 16x ndi 72. Bowo la USB 2.0, lakuda mkati lija, likalimbikira limangotulutsa pakati pa 30 ndi 35. Mwaona? Pamenepo simungapitirire 6x kapena 7x, kaya draivu ndi yodula bwanji. Sunthani chingwe, mulowetse pa bowo la buluu, USB 3.0, ndipo chilowe pa laputopu penipeni, osati pa ka hub kaja mumalumikizapo mausi ndi ma flash. Ikakhala draivu yopyapyala yopanda adaputa yakeyake, chingwe chake nthawi zina chimakhala cha mitu iwiri. Lowetsani yonse, chifukwa mutu winawo ndi wa mphamvu ya magetsi. Mukauleka ukulendewera, draivu imangoti tcheke tcheke, n'kuzima pakati pa ntchito. Komanso zopyapyalazo zambiri zimathera pa 6x basi. Za 16x ndi zazikulu zija, monga LG WH16NS40, zolowa mkati mwa kompyuta ya pa desiki ndi chingwe cha SATA, kapena zazikulu za USB zokhala ndi adaputa yakeyake.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe anthu amatayira ndalama, ndi chimbale chenichenicho. 16x ija ndi ya chimbale cha 25GB. Chanucho cha 100GB ndi BDXL, chili ndi magawo atatu osanjikizana, ndipo zambiri zoterezi zimalembedwa 2x mpaka 4x. Werengani pa chikuto chake. Onetsetsaninso kuti pa draivu pali chizindikiro cha BDXL, apo ayi sichiwerengeka n'komwe.

Ndiye chitani chonchi. Koperani mafayilo onse pa hard disk ya mkati, osabena kuchokera pa flash. Tsekulani ImgBurn, pulogalamu yobenera zimbale, ndi yaulere. Pa Write Speed musasiye pa AWS (yosankha yokha liwiro) kapena MAX, sankhani 4x ngati chikuto cha chimbale chikulola. Chongani pa Verify. Pa 4x, chimbale chodzaza cha 100GB chimatenga ola limodzi ndi theka, kenako Verify idyanso nthawi ina pamwamba pake. Musaidumphe, ndi yomwe imakuuzani ngati zonse zalowa bwino kasitomala asanabwere ndi mkwiyo.

Aa, ndisanaiwale: laputopu ikhale yodzaza chaji ndipo muzimitse sleep. Ngati draivu ili ndi adaputa yakeyake, ikeni pa UPS, batire losunga magetsi lija, chifukwa magetsi akazima pakati, BD-R (chimbale chobena kamodzi kokha) siifufutika, chimbalecho chapita. Mukafuna kuyesera kaye, gulani BD-RE imodzi, imeneyo mumafufuta n'kubenanso, ngakhale imayenda pa 2x. Mukamaliza mundijambulire zomwe ImgBurn yalemba m'munsimo, nditumizireni ndione.