Ndipatseni phiri ili

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno tiwapeza pa Yoswa 14:6-14.

Kalebe anali ndi zaka 40 pamene Mose anamutuma kuchokera ku Kadesi-Barinea kukazonda dziko la Kanani. Anapita anthu 12, koma iye ndi Yoswa okha ndi amene anabwerako ndi mawu olimbitsa mtima. Anzawo 10 aja anachititsa mantha mtundu wonse, ndipo Aisraeli anazungulira m'chipululu zaka 40. Kalebe anazungulira nawo, ngakhale cholakwa analibe. Tikudzamupezanso ku Giligala ali ndi zaka 85, akukumbutsa Yoswa lonjezo la Mose, n'kunena kuti: ndipatseni phiri ili.

Lero mtima wanga uli pa anamwino ndi azamba athu amene akhala pantchito zaka zambiri, koma mumtima muli njala yobwerera kusukulu. Munaphunzira zaka zitatu ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Mulanje Mission, ku St Luke's ku Malosa kapena ku Holy Family ku Phalombe. Munakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council, n'kukutumizani kuchipatala chaching'ono chakumudzi. Munkati mugwireko zaka ziwiri zokha kenako mukawonjezere maphunziro. Koma bambo anamwalira, ang'ono anu anafunika fizi, ana anabadwa, ndipo pachipatala panalibe wina woti akulowereni m'malo. Lero amene munkawasonyeza kagwiridwe ka jakisoni ali pa pulakitiko abwera ndi digiri, ndipo ndi amene akukulemberani masiku ogwira usiku.

Zimawawa, ndipo tisanamizane kuti Mkhristu samva kuwawa kotere. Koma amayi anga, abambo anga, ambiri mwa inu simunachedwe chifukwa cha ulesi. Munachedwa ngati Kalebe, mutasenza katundu wa ena. Mulungu sanaiwale dzina lake m'zaka 45 zonsezo, ndipo lanunso sanaiwale.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi malo amene mkuluyu anapempha. Pa msinkhu wake akanatha kunena kuti mundipatse kadimba m'chigwa ndipumule, ndipo palibe akanamudzudzula. Iye anasankha Hebroni, kumene kunali Aanaki, anthu ataliatali omwe aja anaopsa anzake, ndi midzi ya malinga. Sananame kuti n'kophweka. Anati Yehova akakhala nane ndidzawapirikitsa.

Sukulu ya ukulu ili ndi Aanaki ake. Ena mufunika kuyamba mwalembanso mayeso a MSCE kuti Biology kapena masamu zikwere, kukhala pa benchi ya sukulu yamadzulo ndi ana a msinkhu wa mwana wanu woyamba. Mukalowa ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ku Mzuzu University kapena ku Malawi College of Health Sciences, mupeza kuti ntchito zonse akufuna zolembedwa pa kompyuta. Mnzanu wa zaka 20 wamaliza kale, inu mukadali kusakasaka chilembo ndi zala ziwiri, magalasi atatsetsereka pamphuno, uthenga utalowa pa foni kuti ufa watha kunyumba. Ndiye pali pakamwa pa anthu: akuti pa msinkhu umenewu mukufunanji, simungosiyira ana?

Koma musaiwale zimene mwanyamula. Inu mwapezapo mtsempha pa dzanja la khanda lofooka ndi kutsekula m'mimba, magetsi atazima, mlonda akukuunikirani ndi tochi ya foni, dilipi n'kuyamba kudontha. Munaima m'matenti a kolera mu 2022 ndi 2023 pamene ena ankaopa ngakhale kuyandikira. Mumayang'ana nkhope ya mayi amene wangochira kumene n'kudziwa kuti akutaya magazi musanamuyeze n'komwe. Mphunzitsi akamafotokoza za matenda a kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, anzanu aang'ono akuona mawu pa bolodi, inu mukuona nkhope za amayi amene munawaperekeza mu ambulansi pakati pa usiku. Sukulu ikakupatsani chifukwa cha zinthu zimene manja anu akhala akuchita, ndiponso mphamvu yoti mawu anu azimveka pamene akukonza za odwala.

Ena amaopa kuti kufuna kukwera pantchito ndi dyera. Ine sindikuona choncho. Malipiro abwino amaphunzitsa ana, ndipo palibe tchimo pamenepo. Komanso wodi yoyang'aniridwa ndi munthu amene anaona zambiri, wachifundo ndi wophunzira bwino, ndi dalitso kwa wodwala aliyense wogona mmenemo. Hebroni sanakhale wa Kalebe yekha, anakhala cholowa cha ana ake.

Kwa ife a pabanja ndi a mumpingo, mutu umodzi susenza denga. Bambo, mayi akapita kusukulu phikirani ana mosadandaula, ndipo musamawaimbire foni ya madandaulo usiku woti mawa ali ndi mayeso. A chigwirizano ndi a mvano, mnzanu akasowa pa Lachinayi musathamangire kunena kuti wabwerera m'mbuyo. Mufunseni ngati fizi yakwana.

Ndipo inu amene fomu yakhala mu chikwama kuyambira chaka chatha, itulutseni lero. Kalebe anapita kwa Yoswa kukapempha, sanadikire kuitanidwa.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuika m'manja mwanu anamwino ndi azamba onse amene akubwerera m'kalasi ali akuluakulu. Atsegulireni nzeru, apatseni fizi, asungireni mabanja awo, ndipo muwakomere mtima pamaso pa mabwana awo kuti awalole kupita. Amene akutuluka pantchito ya usiku m'mawa uno muwapatse tulo tabwino. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.