Pansi panagwedezeka tili pa shifiti

Abale anga, muli bwanji uko? Lero ndangoyatsa maikolofoni osakonzekera, mtima ukadali m'mwamba. Usiku wathawu, cha m'ma 2 koloko, tili pa shifiti kuno ku Shizuoka, mafoni onse analira nthawi imodzi. Amene muli kuno ku Japan mukuudziwa mfuwu uja, "jishin desu", kutanthauza kuti ndi chivomerezi. Mashelefu kuyamba kuvina. Ine phe pansi pa tebulo ngati mbewa, musandiseke.

Koma bwana wathu! Sipanathe mphindi zisanu, iwo diso lili pa wotchi, akuti sanjani makatoni agwawo, lole ikudikira. Munthu yemweyu mwezi watha anatidula maola... ayi, imeneyo ndi ya tsiku lina.

Anandikhazika mtima pansi ndi mnzanga wa ku Nepal, amene anapulumuka chivomerezi cha kwawo cha 2015. Iye kuseka, akuti achimwene, kameneka n'kuyasamula chabe.

Mverani, makamaka inu obwera kumene. Dziko lapansili lili ngati mphika wosweka, ndipo mapale ake amayenda. Kuno akumanizana anayi. Phale la Pacific limalowa pansi pa Japan masentimita pafupifupi 8 pachaka, kuposa pang'ono kawiri liwiro limene chikhadabo chimakulira, ndipo pamene likumirapo pali chigwembe cha m'nyanja chakuya mamita 8,000. Limakodwa, limakodwa, kenako n'kutsomphoka. Ndi zimene zinachitika pa 11 Marichi 2011, nyanja n'kukwera kumtunda. Ndiye foni ikalira osamafunsa kuti tione kaye. Ukakhala kugombe, thawira kumtunda, chikwama chisiye.

Kwa mnzanga uja palibe phale lofuna kugonja. India akukankha Asia, nthaka n'kukwinyika, ndiye mapiri a Himalaya amenewo. Pansonga pa phiri la Everest, mamita 8,849, pali miyala imene kale inali pansi pa nyanja. Tangoganizani!

M'mawa pa basi, maso ali gwa ndi tulo, ndinangoona phiri lija, Fuji uyo, mbee, ngati sakudziwa kanthu. Mamita 3,776, wachita kumangidwa ndi moto wa mapale omwewa, ndipo anaphulika komaliza mu 1707. Ndinamujambula, inde, ndimanyadira kuti ndimadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku.

Amayi anaimba ndikutsika. Akuti mwanawe uli bwino? Ndinati ndili bwino amayi, kuno kulibe vuto. Dzanja logwira foni likunjenjemerabe.