Tsitsi lanu likukula, vuto ndi loti likuduka

Ndakupatsani moni nonse amene mukumvetsera, amayi, abambo, atsikana ndi anyamata, makamaka inu amene mwasankha kusunga tsitsi lanu monga momwe linamerera, osaliwotcha ndi mankhwala. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Tsitsi langa silikula, papita zaka zitatu koma likadali pomwepo." Lero ndikufuna tiyambire pa dandaulo limeneli, chifukwa munthu akamvetsa chimene chikuchitika pamutu pake savutika kutsatira malangizo ena onse.

Tsitsi la munthu wathanzi silileka kukula. Limatalika ndi pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kotero kuti pakutha pa chaka pamakhala patamera masentimita 10 kapena 12 a tsitsi latsopano. Inu amene munawotchapo tsitsi umboni wake mukuudziwa, chifukwa pakangotha miyezi iwiri pansi pamakhala patamera kale lina lopotana limene limakubwezerani ku saluni. Tsono ngati tsitsi likumera kumizu koma kutalika kwake sikukusintha, ndiye kuti likuduka kunsonga mofanana ndi mmene likumerera. Ntchito yathu ndi yosunga tsitsi limene lamera kale, ndipo zonse zimene ndinene lero zatsamira pamenepo.

Ndikupempheni kuti mukadzapesa ulendo wotsatira musafulumire kutaya tsitsi lotsalira pachipeso. Liikeni pa pepala loyera, muliyang'ane pamalo owala. Mukaona tsitsi lalitali lokhala ndi kadontho koyera kumapeto kwake, limenelo lathothoka lokha kuchokera kumuzu chifukwa nthawi yake yakwana, ndipo palibe chodetsa nkhawa, popeza pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000 ndipo loyambira 50 mpaka 100 limathothoka tsiku lililonse. Koma mukaona tizidutswa tifupitifupi, topindika ngati timphete, topanda kadontho kaja, tomwe timagwera pamapewa ndi pakolala ya malaya, limenelo ndi tsitsi limene lathyoka panjira, ndipo ndi limene likukubwezani m'mbuyo.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a tsitsilo. Tsitsi la anthu akuda limamera kuchokera m'timabowo topindika ta khungu, ndipo thunthu lake si lobulungira bwinobwino koma ndi lophwatalala pang'ono ndiponso lopotoka. Paliponse pamene lapindika pamakhala pofooka. Kuwonjezera apo, khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake amene pa tsitsi lowongoka amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga, koma pa tsitsi lopotana amakakamira kufupi ndi mizu chifukwa njira yake ndi yokhotakhota. Motero nsonga, zomwe ndi mbali yakale kwambiri ya tsitsi, mwina ya zaka ziwiri kapena zitatu, zimakhala zouma nthawi zonse, ndipo chinthu chouma mukachipinda chimathyoka.

Ena mwa inu munamvapo za manambala amene anthu amatchula, akuti 4A, 4B kapena 4C. Kagawidwe kameneka kanayamba m'zaka za m'ma 1990 ndi Andre Walker, wokonza tsitsi wa ku America amene ankasamalira tsitsi la Oprah Winfrey, mayi wotchuka wa pa wailesi yakanema, ndipo iye anaika tsitsi m'magulu anayi, kuyambira gulu 1 la tsitsi lowongoka mpaka gulu 4 la lopotana kwambiri. Ine ndimati musataye tulo ndi manambalawa, chifukwa mutu umodzi ukhoza kukhala ndi mitundu iwiri kapena itatu, lofewa kunkhongo ndi lolimba paliwombo. Chofunika kwambiri n'kudziwa mmene tsitsi lanu limalandirira madzi. Lina limamwa madzi msanga n'kuumanso msanga, ndipo limafuna mafuta olemera kuti chinyezi chisathawe. Lina madzi amayamba angokhala pamwamba ngati timikanda, ndipo limeneli limafuna madzi ofunda, mafuta opepuka ndiponso kudekha.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ndikupemphani mumvetsere bwino: mafuta si chinyezi. Chinyezi chimachokera m'madzi, ndipo ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asatuluke msanga. Munthu akapaka mafuta ambiri pa tsitsi louma, tsitsilo limanyezimira kunja pamene mkati likadali louma, ndiponso mafutawo amatchinga madzi amene akanalowa. Choncho khalani ndi kabotolo kopopera madzi. M'mawa, kapena pakapita masiku awiri malinga ndi mmene tsitsi lanu likumvekera m'manja, poperani madzi pang'ono kuti lingofewa, osati mpaka kudontha. Kenako pakani kondishona (mankhwala ofewetsa tsitsi) wa mtundu wosafunika kutsukuluza kapena kirimu wa tsitsi, ndipo pomaliza pakani mafuta pang'ono, monga a shea, a maolivi, a kokonati kapena a nsatsi, mukuikira mtima kunsonga. Mafuta a nsatsi ndi olemera ndipo amatsekera chinyezi bwino, koma musawagule ndi chiyembekezo choti ameretsa tsitsi pamalo pamene mizu inafa kale.

Tikambe za tsiku lotsuka, chifukwa tsiku limeneli ndi limene tsitsi lambiri limaduka. Kutsuka kamodzi pa mlungu kapena kamodzi pa milungu iwiri kumakwanira kwa anthu ambiri, ngakhale kuti amene amatuluka thukuta kwambiri angafunike kutsuka pafupipafupi. Musanathire madzi, gawani tsitsi m'zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo chigawo chilichonse muchipote kapena muchiluke momasuka, kuti muzimasula chimodzi, kuchitsuka, n'kuchipotanso musanapite pa chinzake. Gwiritsani ntchito madzi ofunda, osati otentha. Shampu muzimupaka pakhungu la m'mutu, pamene pali litsiro ndi thukuta, ndipo muzisisita ndi mimba za zala osati ndi zikhadabo. Thovu likamatsika lidzayeretsa tsitsi lonselo. Musaunjike tsitsi pamwamba pamutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa nsalu, chifukwa mukatero mukumanga mfundo zimene mudzalimbane nazo kwa maola awiri. Sopo wochapira zovala musamuyandikize kumutu, popeza amachotsa mafuta onse ndipo amatukula timamba tating'ono timene timakuta tsitsi lililonse ngati mamba a nsomba, n'kulisiya lokhakhala.

Mukatsukuluza shampu, pakani kondishona wokwanira, muvale chipewa cha pulasitiki, mudikire mphindi 15 mpaka 30. Nthawi yopesa ndi imeneyi, kondishona akadali m'mutu ndipo tsitsi likuterera. Yambani ndi zala, chifukwa chala chimamva pamene pali mfundo ndipo chimaima, pamene chipeso chimangodutsa n'kudula. Mukatha ndi zala tengani chipeso cha mano akuluakulu otalikirana, mugwire chigawocho ndi dzanja limodzi pakati, muyambe kupesa kunsonga, kenako muzikwera pang'onopang'ono mpaka kufika kumizu. Mukamva kaphokoso ka kuthetheka pamene chipeso chikudutsa, imani, muwonjezere madzi ndi kondishona. Ndimamva chisoni ndikaona mwana atapanidwa pakati pa mawondo, misozi ili chuchuchu, akumupesa tsitsi louma kuyambira kumizu ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, chifukwa mwana wotereyu amakula akukhulupirira kuti tsitsi lake ndi loipa, pamene cholakwika ndi kapesedwe.

Popukuta, tisheti yakale yofewa imaposa chopukutira chokhakhala, ndipo muzingofinya, osapekesa. Tsitsi likamauma lidzafupika, mwina ndi theka kapena kuposa pamenepo, ndipo zimenezi zisakukhumudwitseni chifukwa ndi chizindikiro chakuti likadali ndi mphamvu yotamuka ndi kubwerera. Ngati mukufuna kuti lioneke kutalika kwake ndiponso lisamakolane, liumitseni mutalipota, mutaliluka m'zigawo zikuluzikulu kapena mutalimanga ndi ulusi. Makina otentha owumitsira ndi owongolera tsitsi muziwagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, pa kutentha kochepa, mutapaka kaye mankhwala oteteza ku kutentha, chifukwa tsitsi limene lapsa silibwereranso kupotana kwake ndipo mankhwala ake ndi kulidula basi.

Usiku musagone ndi tsitsi lomasula pa mtsamiro wa nsalu ya thonje, chifukwa thonje limamwa chinyezi ndipo limakhuda tsitsi mukamatembenuka. Mangani duku kapena valani chipewa cha sateni kapena cha silika, ndipo mfundo ya dukulo musamaiike malo amodzimodzi usiku uliwonse. Pakapita miyezi itatu kapena inayi yang'anani nsonga, ndipo zimene zagawanika kapena zamanga timfundo muzidule ndi sizasi yakuthwa, chifukwa nsonga yogawanika simalumikizikanso koma imapitiriza kung'ambika chokwera.

Kwa inu amene mukusiya kuwotcha, dziwani kuti mankhwala ambiri owongolera tsitsi ali ndi sodium hydroxide kapena zina zamphamvu ngati iyo, zimene zimasintha mapangidwe a tsitsi mpaka kalekale. Mbali imene inawotchedwa sidzapotananso. Pamalire pamene tsitsi latsopano likukumana ndi lowotcha ndi pofooka kwambiri, choncho mukhoza kudula lowotchalo kamodzi n'kuyambira pansi, kapena kumalidula pang'onopang'ono mukusamala kwambiri popesa pamalirepo. Ndipo mukaona mfundu yosatha, zilonda, kapena malo ozungulira amene tsitsi lathyokera kufupi ndi khungu, makamaka pa mwana, pitani kuchipatala m'malo mothira mafuta, chifukwa chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sachithetsa.

Tsopano ndifike pa nkhani ya kuluka, imene ndimaiyankhula ndi mtima wonse chifukwa inandigwera ine mwini. Kuluka, kupota, kuika meshi kapena kuvala wigi kumathandiza chifukwa nsonga zimabisika ndipo manja amapuma kuligwira. Koma chaka china ndinalukitsa timizere ting'onoting'ono ndi meshi yaitali, ndipo amene ankandiluka ankatola ngakhale titsitsi tofewa ta m'mbali mwa mphumi. Ndinamva kukoka, koma ndinakhala chete poganiza kuti cholimba ndicho chimakhalitsa. Usiku umenewo ndinagona chokhala chifukwa mutu sunkatheka kuuika pa mtsamiro, ndipo patapita masiku atatu m'mbali mwa mphumi munatuluka tiziphuphu tokhala ndi timitu toyera. Nditamasula, ndinapeza tsitsi la m'mbalimo likulendewera pa meshi pamodzi ndi mizu yake, ndipo pakhungu panatsala mzere wosalala umene unanditengera nthawi yoposa chaka kuti udzaze. Madokotala a khungu amalitcha vuto limeneli traction alopecia, kutanthauza dazi lobwera chifukwa cha kukoka. Likagwidwa msanga tsitsi limameranso, koma kukokako kukapitirira kwa zaka, timabowo ta mizu timatsekeka ndi zipsera ndipo pamenepo sipameranso kanthu.

Choncho mukakhala pampando wolukitsira, yankhulani nthawi yomweyo pamene mwamva kupweteka, osadikira kuti mutu wonse uthe. Uzani wolukayo mwaulemu kuti asiye titsitsi ta m'mbali, alukeko mokulirapo, ndipo asaike meshi yolemera pa kachigawo kakang'ono ka tsitsi. Mukaona kuti khungu latukuka, nsidze zakokeka, kapena mukufunika kumwa mankhwala a mutu chifukwa cha malukidwe, masulani tsiku lomwelo ngakhale mwawononga ndalama ndi nthawi. Tsitsi likakhala loluka pitirizani kulipopera madzi ndi kutsuka khungu la m'mutu ndi shampu wosungunula m'madzi, ndipo musalisunge kupitirira milungu 6 kapena 8. Mukamasula, lipumitseni mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo ulendo wotsatira musinthe kumene mizere ikulowera kuti malo amodzi asamakokedwe nthawi zonse.

Pomasulapo pamafunika kudekha kwambiri. Patulani nthawi yokwanira, musamasule mothamangira ulendo. Ngati mukudula meshi, dulani kumunsi kwenikweni kumene mukutsimikiza kuti tsitsi lanu silinafike, pokumbukira kuti latalika kuposa tsiku limene munalukitsa. Patsinde pa luko lililonse mudzapeza kamfundo ka litsiro, mafuta ndi tsitsi lothothoka; kapakeni mafuta kapena kondishona, mukamasule ndi zala mpaka kathe. Mudzaona tsitsi lambiri m'manja, koma musachite mantha, chifukwa ngati 50 lokha linkathothoka tsiku lililonse kwa milungu 8, ndiye kuti tsitsi 2,800 linali litakodwa m'malukomo likusowa pogwera. Onetsetsani kuti mwalichotsa lonse ndipo chipeso chikudutsa m'chigawo chilichonse musanathire madzi ndi shampu, chifukwa tsitsi lothothoka likanyowa lisanachotsedwe limakolana ndi lamoyo n'kupanga chibuma chimene nthawi zambiri chimatha ndi sizasi.