Lekani Kutaya Ulusi! Njira Yosokera Zigamba pa Makina, ndi Bodza la Kukhoma Msoko

[Kamera iwonetse mulu wa tiulusi todula patebulo]

Taonani mulu uwu. Wonsewu ndi ulusi wabwinobwino, wogula ndi ndalama, koma sunasoke kanthu. Ndi michira imene timadula kumayambiriro ndi kumapeto kwa msoko uliwonse. Lero ndikuonetsani mmene mungauchepetsere, komanso mmene tizidutswa ta nsalu timene mumasesa madzulo tingakupatsireni chofunda chachiwiri. Muonere mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza lina limene ambiri tinaphunzitsidwa, ndipo lero ndikufuna lithe.

Takulandirani nonse. Ngati ndi koyamba kufika pano, dinani subscribe ndi kabelu komweko, tipitirire.

Mwachangu, kwa amene angoyamba kumene. Quilt ndi chofunda chosanjikiza patatu: pamwamba zigamba zolumikiza, pakati chofewa chotenthetsa, pansi nsalu imodzi. Lero tikukamba za pamwamba pokha. Msoko wake ndi kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, osati waukulu wa diresi uja. Nsalu ikhale ya thonje. Zotsala za zitenje kwa telala ndi zabwino, mashati a pakaunjika nawonso, koma muchape kaye chifukwa zitenje zina zimatuluka utoto. Singano nambala 80, ulusi wopyapyala, simbi pafupi. Basi, tiyeni kumakina.

Choyamba, dulani zidutswa zanu zikhale za muyezo umodzi. Ine ndimakonda mainchi awiri ndi theka mbali zonse, chifukwa mukasoka kachigamba kamatsala mainchi awiri ndendende. Zowala m'chitini china, zakuda m'chitini china.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali ndalama yanu: musadule ulusi. Tengani tizigamba tiwiri, tiyang'anizane kumaso, sokani. Mukafika kumapeto musakweze phazi la makina, musakoke nsalu. Ingolowetsani tiwiri tina kumbuyo kwake, mano a makina atikoka okha. Tina, tinanso. Kuseri kwa makina kukutuluka mndandanda wa zigamba zolendewera pa ulusi umodzi ngati mikanda. Mukamaliza ndi pamene mutenge sizasi n'kudula timaulusi ta pakatipo.

[Kamera pafupi ndi singano]

Tiyeni tiwerengere limodzi, muone chifukwa chake ndikulimbikira. Makina wamba amadya ulusi wotalika pafupifupi kawiri ndi theka kuposa msoko umene asoka, tikaphatikiza wapamwamba ndi wa m'bobini. Ndiye msoko wa mainchi awiri ndi theka umadya mainchi ngati 6. Tsono mukamadula pa chigamba chilichonse, mumakoka mchira wa mainchi 4 pamwamba ndi wina wa mainchi 4 pansi kuti ulusi usatuluke m'singano. Amenewo ndi mainchi 8. Mwaona? Wotaya ukuposa wosoka! Chofunda cha mainchi 60 m'lifupi ndi 80 m'litali chimafuna tizigamba 1,200. Kutilumikiza tiwiritiwiri ndi misoko 600. Mainchi 8 kuchulukitsa ka 600, mwataya ulusi wopitirira mamita 120, ndipo apo mwangoyamba kumene, mizere simunalumikize. Onjezani nthawi yokweza phazi, kukoka, kudula, kulowetsanso ulusi umene wathawa m'singano. Tsiku limathera pamenepo.

Ndikudziwa kale zimene ena mukulemba m'makomenti pompano. "Nanga osakhoma msoko? Sizimasuka zimenezo?"

Bwerani pafupi, amayi ndi abambo, nkhani ija ndi imeneyi.

Tonse amene tinaphunzira kusoka zovala tinauzidwa kuti poyamba msoko ubwerere m'mbuyo katatu, pomaliza ubwererenso katatu, ukhome. Pa diresi, pa thalauza, pa yunifolomu ya mwana, zimenezo ndi zoona ndipo musasiye. Koma kunena kuti chigamba chilichonse cha quilt chimafuna kukhoma, limenelo ndi bodza, ndipo likuwonongetsa anthu ulusi ndi nsalu yomwe.

Ganizani bwino. Msoko wa m'mbali mwa siketi ukafika pansi, nthawi zina palibe china chougwira, ndipo munthu akamayenda umakokedwa. Pa zigamba si choncho. Msoko uliwonse umene mwasoka pano, pakapita kanthawi udutsidwa ndi msoko wina wopingasa, kota ya inchi kuchokera kumapeto kwake. Wopingasawo ndiye loko wake. Mbali zonse ziwiri. Ndiye mukukhomeranji chinthu chimene chikhomedwe kale?

[Awonetse mizere iwiri yaitali yolumikizidwa, akuidula mopingasa]

Umboni ndi uwu. Ndasoka nsalu ziwiri zazitali, ndakhoma kumayambiriro ndi kumapeto monga mwa lamulo lija. Tsopano ndikudula mopingasa kuti ndipeze tizidutswa ta mitundu iwiri. Ichi, ichi, ichi. Tizidutswa ta pakatiti tili ndi pokhoma? Ayi. Sizasi yadula pakati pa msoko. Kokani, onani, sitikumasuka. Osoka ma quilt padziko lonse amadula chonchi tsiku ndi tsiku. Ndiponso makina ambiri akale a Singer, opalasa ndi mwendo aja, analibe n'komwe kogwira kobwezera m'mbuyo, koma anasoka zofunda zimene zilipo mpaka lero.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kukhomako kumabweretsa mavuto amene anthu amanamizira makina. Mukabwerera m'mbuyo pamphepete penipeni pa kansalu kakang'ono, singano imakankhira ngodya ija m'kabowo ka chitsulo cha pansi. Makina adya nsalu. Mukatembenuza mupeza ulusi wapiringizana kunsi, mfundo yaikulu. Munthu n'kunyamula makina kupita nawo kwa okonza, kulipira ndalama, pamene makinawo alibe vuto. Chinanso, pamene ngodya zinayi zakumana pamakhala kale nsalu zambiri zosanjikizana. Muwonjezepo ulusi wobwereza katatu kuchokera mbali zonse, pakhala chotupa cholimba, simbi siyingachigonetse, ndipo podzasoka nsanjika zitatu zija singano ikhoza kuthyokera pomwepo. Ndipo mukalumikiza molakwika n'kufuna kumasula, pokhoma paja mudzang'amba nsalu musanathe.

Chimene chimagwira msoko wa zigamba ndi kufupika kwa masitichi. Makina ambiri amakono amayambira pa 2.5, kutanthauza mamilimita awiri ndi theka pa sitichi imodzi. Tsitsani pa 2, kapena kucheperako pang'ono. Ngati muli ndi Singer yakale imene manambala ake amawerenga masitichi pa inchi imodzi, ikani pakati pa 12 ndi 15. Masitichi aafupi sathothoka wamba ngakhale mwadula pakati. Inde, amadya ulusi wochulukirapo pang'ono, koma n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi michira ija.

Kuti ndisakunamizeni, malo okhoma alipo. Msoko umene sudzadutsidwa ndi wina, monga pamene zidutswa zitatu zikumana ngati chilembo Y ndipo mwaima kota ya inchi musanafike kumapeto, pamenepo khomani. Misoko ya m'mphepete mwenimweni mwa chofunda, imene izikokedwa mukamachinyamula musanachimalize, khomaninso, kapena zungulizani msoko umodzi m'mbali monse. Kwina konseko, siyani.

Ngati mfundo imeneyi yakuthandizani, dinani like tsopano, musadikire kumapeto, ndipo tumizani vidiyoyi pa WhatsApp kwa mnzanu amene makina ake amadya nsalu. Amene mukufuna maphunziro a Loweruka, zonse zili m'munsimu pa malongosoledwe a vidiyo.

Tinali pati? Chachitatu.

Mndandanda uja umatha, ndiye pamapeto pake mutani kuti musakokenso mchira? Ambiri amaika kasanza kopinda pansi pa phazi, amasokapo, amakasiya pomwepo, n'kudula ntchito yawo kumbuyo kwake. Poyambanso, kasanza kaja ndi kamene kamatsogola, ulusi uli kale m'nsalu, palibe kupiringizana. Njira yabwino ndithu. Koma kasanzako kakadzaza ulusi mumakataya. Ndiye bwanji m'malo mwa kasanza osaika tizigamba tiwiri ta m'zitini zija, kowala ndi kakuda? Njira imeneyi anaitchukitsa ndi mayi wina wa ku America, Bonnie Hunter, ndipo kumeneko amaitcha leaders and enders. Nthawi iliyonse mukamaliza msoko, wa chilichonse, ngakhale mukusoka malaya a kasitomala, mutseke ndi tizigamba tiwiri. Tikhale pansi pa singano mpaka mudzayambenso. Kenako tidule, tiponyeni m'chitini chachitatu. Simunapatule nthawi, ulusi umene ukanakhala mchira walowa mu msoko weniweni, ndipo chitinicho chikudzaza. Tikachuluka, muyambe kutseka ndi tiwiritiwiri tija kuti tikhale tinayitinayi. Inu a telala amene mumasoka pakhonde tsiku lonse, misoko imene mumayamba ndi kumaliza pa tsiku ndi yambiri zedi, chofunda chanu chidzakula msanga kuposa cha wina aliyense. Chenjezo limodzi: ngati mukusoka chovala ndi masitichi aatali, kumbukirani kufupikitsa pa tizigambato.

Ndipo musapeputse nsanza. Amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda ku Alabama, ankasoka zofunda ndi zovala zakutha za kumunda, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York. Zitenje zathu zili ndi mitundu yoposa pamenepo.

Chachinayi, mabobini otsala ndi ulusi pang'ono amitundumitundu aja, amalizireni pa zigamba za mitundu yambiri, suoneka. Wakuda wokha musauike pa nsalu yoyera.

Chachisanu, sitani misoko igonere mbali ya nsalu yakuda. Zakusita ndidzazipangira vidiyo yakeyake.

Ndiuzeni m'makomenti makina amene mumagwiritsa ntchito, Singer, Butterfly kapena amagetsi, ndiponso ngati akhala akukudyerani ngodya. Sabata yamawa tidzatenga tinayitinayi timeneti n'kutilumikiza kukhala mizere, ndipo ndidzakuonetsani mmene ngodya zingakumanirane bwino popanda mapini. Vidiyo ya kadulidwe ka zitenje ndi iyi ikuoneka apayi, idineni.